A Eneya, Parafini ndi Nkhuni

Ku Chiringa kuno aliyense akudziwa kuti malemu a Eneya sankadutsa pofuka utsi osaima. Ankatsika njinga, n'kunjuta pamoto wa eni ake, n'kuyamba: "Mtolo uwu mwagula zingati? Utha masiku angati?" Moni ankabwera pambuyo.

Amene anaziona ndi akazi awo, a Belita. Utsi unali utawadya maso mpaka kufiira psuu, ndipo kuchipatala anawauza kuti akapitiriza kuuzira moto adzasiya kuona. Iwo anapempha chinthu chimodzi basi: sitovu ya parafini, ngati ya a Wanangwa, aphunzitsi ochokera ku Rumphi aja.

"Tigula," anatero a Eneya, "koma tiyambe tadziwa chotchipa n'chiti."

Anakabwereka sitovu ya aphunzitsiyo n'kutereka miphika itatu pabwalo: wina pa mafuwa, wina pa mbaula ya makala, wina pa sitovu. Ndiye mukuganiza anasankha kuphika chiyani? Kalongonda, abale, nyemba yoti umaiwiritsa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ukutaya madzi kangapo kuti isakuzunguze mutu. Parafini anatha nyemba ikadali gwa. A Wanangwa anapeza zingwe za sitovu yawo zitapserera.

"Bambo, imeneyitu ndi ya tiyi."

"N'zimene ndimafuna kudziwa, aphunzitsi. Nanga phala ingalithe?"

Anayesa phala. Anayesa zitsononkho, mapesi a nandolo, ngakhale mankhusu a mpunga ochokera ku Chilwa, amene anafuka mpaka nkhuku zinasamukira kwa aneba. Akati tsopano yankho lapezeka, wailesi inkalengeza kuti kwacha yagwa, parafini wakwera, basi kuyambiranso. Zaka zinayi zathunthu, a Belita akuuzirabe moto, akumafunsa mumtima ngati anakwatiwa ndi munthu kapena ndi sikelo.

Tsiku lina a Eneya anawapeza akusankha mpunga ndi zala zokha, nkhope atalozetsa kumbali, chifukwa timiyala sankationanso. M'mawa mwake bambo aja anapalasa njinga mpaka ku Phalombe, n'kubwerako sitovu yatsopano atamangirira pa kaliyala.

"Ndiye yatchipa?" anafunsa a Belita.

"Ayi, ndi yodula kuposa zonse. Koma ine ndimangoyeza mphika, wophikayo osamuyang'ana. Mundikhululukire, mayi."

Mvula ya chaka chomwecho inapita nawo a Eneya, madzi osefukira atawakokolola.

Diso limodzi la a Belita linapulumuka, koma linalo thandizo linafika mochedwa. Iwo sawaimba mlandu amuna awo. Pamsika pano anthu akungogula makala mwakachetechete, ndipo ogulitsa amene ankathawa akaona njinga ija ndi omwe akudandaula kuti Chiringa wazizira. A Belita amati sitovu ilibe vuto, kungoti madzi amawira msanga kwambiri. Ukamwa tiyi wako, tsiku lonse limakhala likadalipo, ndipo m'nyumba mulibe wokangana naye.