Nkhumba ya a Sekeretariyo Ikumiza Nyumba Yanga

Kwa Olemekezeka a Diretori,
Kampani Yoyeza Nthaka Kuchokera Kumwamba,
Tete.

Bwana wamkulu,

Ndagwada pansi. Ndine Sónia wa ku Mpadue, mayi wa mwana woyamwa. Sukulu sindinapite nayo patali, mukhululuke zilembo. Ndikulemba mothamanga, utoto wofiira wa msamuko umene antchito anu apaka pachitseko changa sunaume.

1. Zikomo chifukwa cha chitsulo cha makona atatu chimene munazika pabwalo pathu. Munati satelite yanu ikamadutsa imaponya mafunde pamenepo, akabwerera mumadziwa ngati nthaka yatsika, ngakhale pang'ono ngati chikhadabo. Nzeru zimenezi! Bafa lathu lilibe denga, ndiye ndinayamba kusamba ndi chitenje. Enjinyero wanu a Hélio anati satelite siona anthu, koma ananena akuseka.

2. Lero mwati nyumba yathu ikumira, tichoke mvula isanagwe. Tipite kuti, kuthengo kumene mwatikonzera malo atsopano? Mwana sindikumutsitsanso kumsana, kuti tikamira timirire limodzi. Mwamuna wanga Dino wachotsa wailesi pansi, waipachika pamtengo.

3. Koma bwana, kutentha kwa Tete mukukudziwa. Pepani, ndaiwala kuti ofesi yanu imazizira. Nkhumba ya a sekeretariyo a bairo, akulu a dera lathu lino, inapeza mthunzi pansi pa chitsulo chanucho. Masana imakumba, imagona, ikadzuka imadzikanda pamwendo wa chitsulo. Ikanenepa, imakumbanso. Chitsulo chatsika, chapendekera ku chimbudzi. Nyumba ili pomwe inali. Madzi m'beseni sanapendeke, ndayang'ana.

4. Ndinawaimbira a Hélio. Anandiyankha mwaulemu kuti pa kompyuta pawo nkhumba palibe. Ndavomera, kompyuta singaname. Koma chinachake chimene palibecho chadya chinangwa changa.

5. Kuithamangitsa sitingathe. Mwini wake ndi amene amagawa malo kuno. Dino anaigenda kamodzi, tinakapepesa ndi nkhuku.

Pempho langa ndi laling'ono. Pa anthu ophunzira onse amene muli nawo, tumizani mmodzi yekha wodziwa kuwerama, adzasuzumire pansi pa chitsulo dzuwa likafika pamutu. Akasowa wotero, musavutike, msamuko upitirire. Koma malo atsopano amene mwatikonzera kuthengowo mupatse nkhumbayo. Ndi imene ikumira.

Ine wantchito wanu wosaoneka kuchokera kumwamba,

Sónia, mayi wake wa Zélia
Bairo Mpadue