Zithunzi Zisanu za ku Gyeongju

Lolemba

Chandipalira ndi pakamwa pangapa. Dzulo itatha Misa, Mayi Nyirenda, apampando a gulu lathu la Amalawi, analengeza kuti Lamulungu likubwerali ndidzafotokoza za ulendo wanga wa ku Korea, ndi zithunzi zomwe. Anthu anaomba m'manja. Ine n'kumamwetulira ngati mbuzi yomwe sikudziwa kuti ikupita kumsika.

Nkhani yake ndi iyi. Mwezi watha yunivesite inandituma ku msonkhano wa anthu ophunzira za nthaka. Masiku anayi m'holo, tsiku limodzi lopuma. Tsiku lopumalo ndinakwera sitima kupita ku Gyeongju, mzinda wakale komwe kunkakhala mafumu awo. Chibwerereni ku Dublin kuno ndakhala ndikulithira mchere tsiku limenelo. Ndikalifotokoza limakula. Pano lafika poti ndinakwera phiri wapansi, ndinaona chifanizo chachikulu cha mwala m'phanga, ndipo ndinadya limodzi ndi amonke.

Za amonkezo woyamba kumuuza anali Tadala, nesi wa ku Tallaght yemwe mtima wanga wakhala ukumuzungulira chiyambire Pasaka. Dzulo anandiuza kuti wasinthana shifiti ndi mnzake kuti adzamve nawo.

Dongosolo:
1. Ma slide 30.
2. Mbiri ya mzindawo, mwachidule koma mwaukadaulo.
3. Kusita shati yabuluu ija.
4. Osanjenjemera.

Lachiwiri

Ndatsegula foni kuti ndisankhe zithunzi. Zilipo zisanu. Zisanu zokha!

Choyamba, kaphiri komera udzu. Chachiwiri, kaphiri komweko, chala changa chitaphimba theka. Chachitatu, nsapato yanga. Chachinayi, chikwangwani cha pamalo odikirira basi, m'zilembo zomwe sinditha kuwerenga. Chachisanu, mbale ya ayisi wopala wothira nyemba zotsekemera.

Ndilembe zoona muno, poti buku siliulula.

Kunatentha. Ine wobadwira ku Nsanje ndinkayesa dzuwa ndimalidziwa. Koma kutentha kwa kumeneko n'konyowa, ngati wina wakufunditsa bulangete loviika m'madzi owira. Nyenje zikulira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Nditatsika basi ndinaona timapiri tobulungira, udzu wake wometa bwino, pakati penipeni pa tauni. Monga munthu wa za nthaka, ndinati ndikwere kamodzi ndikaone dothi lake. Ndili pakatikati, mayi wina wa chipewa chachikulu anayamba kuimba wezulo uku akundilozera pansi. M'pamene ndinaona kachikwangwani ka Chingerezi. Ndi manda a mafumu. Ndinali nditaponda mfumu ya eni ake. Ndinatsika chobwerera m'mbuyo ndikupepesa m'Chichewa.

Kenako foni inatentha n'kuzima. Ndinalowa m'kashopu kena ka mphepo yozizira kuti ndipume mphindi khumi. Ndinatulukamo 4 koloko, nditadya mbale zitatu za ayisi uja, n'kulunjika ku siteshoni.

Phiri sindinakwere. Mmonke sindinamuone ndi mmodzi yemwe.

Lachitatu

Nzeru zatsopano. Ku labu tili ndi Sujin, mtsikana wa ku Korea yemwe timayeza naye dothi. Ndamupempha zithunzi, ndikunamizira kuti zanga zinafufutika.

Wasangalala kwambiri. Akuti ku Gyeongju anapitako ali mwana, pa ulendo wa sukulu, ndipo mayi ake anasunga chithunzi. Chafika masana. Ana a sukulu ambirimbiri a zipewa zachikasu, ataima mizere itatu, kumbuyo kwawo khoma. Sindingathe kunena kuti mmodzi mwa iwo ndine.

Wandifunsa ngati ndinaona nsanja yamiyala yomwe akale ankaonerapo nyenyezi. Ndati nthawi inachepa. Wandiyang'ana n'kunena kuti kuchokera pamanda paja n'pafupi, munthu umangoyenda pang'ono. Ndiye kuti ndinakhala tsiku lonse ndikudya nyemba zozizira, nsanjayo ili kuseri kwa kashopuko.

Ndamuonetsa chithunzi cha chikwangwani cha basi kuti andiwerengere dzina la malowo. Waseka mpaka kugwira tebulo. Akuti palembedwa kuti osataya zinyalala pano.

Chabwino chimodzi: akuti m'phanga muja saloleza kujambula. Ambuye ndi abwino. Pamenepo ndili ndi pothawira.

Zatsala zithunzi zinayi zomwe ndingaonetse anthu, kuphatikizapo nsapato.

Lachinayi

Ndaganiza zodzijambula ndekha. Kaphiri ndi kaphiri, udzu ndi udzu, ndani angasiyanitse? Kupaki ina pafupi ndi kwathu ku Finglas kuno kuli chitunda chooneka bwino. Ndapita nditavala shati yamanja aafupi ndi magalasi adzuwa.

Mvula. Mwezi uno akuti ndi wa dzuwa, koma mvula yamawawa yosalekeza, ndi mphepo yolowa m'mafupa. Ndajambula kakhumi. Pachithunzi chilichonse ndikuoneka ngati nkhuku yogwa m'chitsime. Chimodzi chatuluka bwino, koma kumbuyo kukudutsa basi yosanjikiza. China pali galu atavala jekete. Mwini galuyo, gogo wina wachizungu, wandifunsa ngati ndili bwinobwino komanso ngati pali wina yemwe angamuimbire foni.

Ndabwerera, ndakopera zithunzi za pa intaneti. Zokongola zedi. Koma zambiri zili ndi maluwa a nyengo ina kapena chipale chofewa. Ndasankha khumi ndi ziwiri zomwe zili ndi dzuwa. Madenga opindika, zipilala zofiira. Zonse zikufanana, ndiye ziyenera kukhala za komweko.

Pagulu lathu la pafoni Mayi Nyirenda aika chilengezo. Nkhope yanga, yomwe aidula pachithunzi cha ubatizo wa mwana wa eni, ndipo pansi pake alemba kuti KATSWIRI WA ZA KU KOREA. Banja lina la ku Zambia lomwe limakhala ku Dún Laoghaire layankha kuti, "Tizabwela tonse, na bana."

Chimfine chayamba, koma n'chochepa. Sichingandipulumutse.

Lachisanu

Tadala waimba nthawi yake yopuma. Kumva mawu ake, mtima phaa, kenako wafunsa funso lake.

"Amonke aja anakupatsani chakudya chanji? Ndikufuna ndiphike, anthu adzalaweko."

Pamenepo mpata unalipo. Khomo linali lotsegula, kungotuluka basi. Ine ndati mpunga, ndiwo zamasamba zowawasa, ndi nyemba. Ndaonjezanso kuti munali kenakake konunkhira ngati chitowe. Chifukwa chiyani ndaonjeza? Palibe anandifunsa za chitowe.

Akuti akaweruka akwera kasitima ka Luas kupita m'tauni kukasaka zinthuzo m'mashopu a zakudya za ku Asia. Munthu waima maola khumi ndi awiri kutembenuza odwala, ndiye akayendenso pamvula chifukwa cha amonke omwe ndinawaumba ndekha.

Ndalemba uthenga woulula zonse. Wautali, waulemu, wokhala ndi vesi kumapeto. Ndauwerenga katatu. Ndaufufuta. M'malo mwake ndatumiza kuti, "Muyende bwino, tengani ambulera."

Agogo anga aamuna ankati bodza lili ngati mbuzi ya ngongole, umaidyetsa ndiwe koma mkaka ndi wa eni. Sindinkamvetsa. Panonso sindikumvetsa kwenikweni, koma ndikudyetsa.

Loweruka

Mayi Nyirenda aimba m'mamawa, mawu ali odzaza chimwemwe. Akuti ali ndi nkhani yabwino.

Kunyumba ya ansembe opuma kuli Bambo Declan, mzungu wokalamba yemwe anatumikira ku Korea zaka zake zonse zaunyamata. Amva za ine kwa bambo mfumu athu, ndipo akuti misozi inalengeza m'maso. Abwera mawa. Akonza kale galimoto yowanyamula.

"Mudzachezako m'chinenero chakumeneko, ana amve," atero Mayi Nyirenda.

Ine ndimadziwa mawu amodzi, othokoza, ndipo Sujin amati ndimawatchula ngati ndikutsokomola.

Njira zothawira:
1. Kudwala. Sizitheka, theka la gulu lathu ndi manesi, abwera kudzandiyeza.
2. Maliro kumudzi. Ayi, angasonkhe chipepeso, tchimo n'kukula.
3. Pulojekita ya kuparishi. Chiyambire sinayakepo bwino. Pa chikondwerero cha ufulu inangoonetsa mtundu wobiriwira, pa Khirisimasi inanunkha utsi.

Chiyembekezo changa chonse chili pa nambala 3. Ndapemphera kolona yathunthu, koma cholinga chake sindinachitchule, ndachita manyazi.

Shati ndasita.

Lamulungu

Pulojekita yayaka. Kungoidina kamodzi, mbee, khoma lonse kuwala ngati kumwamba kwatseguka.

Holo yodzaza. Bambo Declan pampando wakutsogolo, ndodo pamiyendo, makutu ali tcheru. Andipatsa moni wautali m'Chikoreya. Ndatsokomola mawu anga aja. Agwedeza mutu mwachifundo.

Slide yoyamba, madenga opindika. Ndisanamalize chiganizo, dzanja lawo lili m'mwamba. Mwaulemu kwambiri anena kuti nyumba imeneyo ndi yokongoladi, koma ili ku Japan.

Ndayang'ana kumbuyo, Tadala waima pafupi ndi chimpoto chake, wavala epuloni.

Ndazimitsa ma slide aja, ndalumikiza foni. Ndaonetsa kaphiri, chala, nsapato, chikwangwani cha zinyalala, mbale ya ayisi. Ndanena zonse: wezulo, mfumu yomwe ndinaiponda, maola a m'kashopu, ndi kuti amonke kunalibe. Anthu aseka mpaka ena kutuluka panja. Bambo wa banja la ku Zambia lija wagwa pampando. Pofika nthawi ya tiyi, dzina langa linali litasintha kale, aliyense akuti Apondamfumu.

Bambo Declan atenga maikolofoni kuti aonjezere mawu awiri. Alankhula ola lathunthu ndi theka, opanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Za zisoti zagolide zomwe zinapezeka m'manda muja, za belu lalikulu lomwe kulira kwake umakumva m'mimba, za nkhope ya chifanizo cha m'phanga dzuwa likamatuluka. Ana omwe anakhala chete. Ine ndinakhala pambali ndikugwira chingwe cha maikolofoni kuti asapunthwe nacho. Mzindawo ndauona lero, ndili m'holo ya parishi, nsapato zitanyowa.

Mayi Nyirenda sanandikalipire. Angonena kuti ulendo wina ndidzalankhule za manyowa.

Tadala sanaseke ngakhale pang'ono. Chakudya chake anthu angochilawa n'kuthamangira mandasi. Pomaliza wabwera, wandiika chimpoto chija m'manja.

"Ndinayenda mashopu anayi," watero. "Mudye chonse. Potoyo mubweretse Lachitatu, yotsuka."

Ndakwera nayo basi mpaka ku Finglas, ili pamiyendo, ikununkha chitowe, anthu akusuntha mipando. Sindikudziwa ngati Lachitatulo ndi mlandu kapena mwayi, ndipo ndilibe mphamvu zofunsa. Ndayeza ndi chikho. Ndikamadya katatu pa tsiku, nditsiriza Lachisanu.