Nthenga zamapasa pansi pa bedi

Nkhani iyi ndikanakonda kuibisa, koma ku Mwaya aliyense akuidziwa kale, ndiye bola ndiinene ndekha.

Amuna anga, bambo a Tiwonge, anamwalira chaka chatha. Anali msodzi, ndipo nthawi zina ankatenga alendo pabwato kukawedza ncheni. Patatha miyezi itatu ndinalimba mtima n'kusesa pansi pa bedi, mbali yawo. Ndinapezapo chitini cha mkaka. Munali nthenga zazitali zotuwa, zofewa ngati tsitsi, zotuluka ziwiriziwiri pa tsinde limodzi. Nkhuku ndasosola moyo wanga wonse, koma nthenga zamapasa ndinali ndisanazionepo. Pansi pake panali tinthu tomangidwa ndi ulusi wofiira, tili ndi mikanda ngati maso.

Mikandayo ndinaizindikira. Inali yanga ya m'chiuno, imene inaduka kalekale.

Zaka makumi atatu ndili ndi munthu woimba kwaya, kani anandigwira ndi mankhwala? Ndiye misozi yonseyi ndikulira mwamuna kapena ndikulira chithumwa? (M'nyumba ya munthu mmodzi maganizo amakula msanga, chifukwa palibe wokuuza kuti usiye zopusa.) Masiku awiri sindinadye.

Tsiku lachitatu ndinaitana a Mhone, mkulu wa mpingo. Anasuzumira m'chitinimo n'kubwerera m'mbuyo.

"Amama, izi si zogwira ndi manja," anatero. Anathyola kamtengo.

Tinasonkha moto kuseri kwa nyumba. A Mhone ankapemphera mokweza, ndiye oyandikana nawo anabwera okha, ena ndi mipando yawo. Ankatola kamodzikamodzi ndi kamtengo kaja n'kuponya pamoto, ife "Ameni!" Fungo lake ngati wapsereza mbuzi.

Tili pafupi kumaliza anatulukira Ada Chirwa, amene ankakwera bwato limodzi ndi malemu, akuchokera ku doko.

"Mlamu, mukuotcha chiyani?"

Asanayankhidwe anapisa dzanja m'mphepete mwa moto n'kutola kamodzi. Amayi ena anakuwa.

"Iyi ndi nyambo, anthu inu! Mbedza simukuiona m'katimu? Nthengazi ndi za emu, chimbalame cha ku Australia. Mlendo wina anam'patsa mnzanga n'kumuphunzitsa kumangira nyambo. Ncheni imayesa usipa."

"Nanga mikanda yanga ya m'chiuno ikufuna chiyani pamenepo?" (Inde, ndinafunsa choncho, mokweza, pamaso pa mkulu wa mpingo.)

Ada Chirwa anayang'ana pansi. "Ankati nyambo yokhala ndi mkanda wa amayi a Tiwonge sibwerera yokha. Ankabisa poopa kuti mumukalipira."

Zoona, ndikanawakalipira.

Anthu anaseka mpaka wina anagwa ndi mpando. A Mhone anati "Ameni" wachangu n'kunyamuka, kamtengo kadakali m'manja. Ine ndinatsala ndikuyang'ana phulusa. Ntchito yonse ya manja a amuna anga, zimene ankamanga akundikumbukira, ndinazitentha ndekha ndi nyimbo.

Panatsala kamodzi kaja, kopserera mbali ina. Ada Chirwa anapempha kuti akakayese panyanja. Ndinakana. Ndinakakoloweka pa msomali wa pawindo, pamene malemu ankakhala akamamwa tiyi.

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika, amayi ogulitsa usipa amafuula kuti, "Amama, mwaotcha chiyani lero?" Ndimaseka nawo.

Ndaphunzira kuti ndizifunsa kaye ndisanasonkhe moto. Kungoti amene ndikanamufunsa kulibe. Ndimafunsa kanyambo ka pawindo, iko n'kumangondiyang'ana ndi mkanda wanga.