Mmene ndinagonera kwa asebele ngati bwana wa misewu

Nkhani iyi ndakhala ndikuizemba. Koma popeza ku Ching'ambo kuno aliyense akuifotokoza mwa njira yake, ena mpaka kuwonjezera kuti ndinasambira, ndibwino ndiinene ndekha mmene inayendera.

Mkazi wanga asanatisiye anandipempha chinthu chimodzi: mwana wathu Madalitso akadzapeza mbeta, ndidzayendetse zonse mwaulemu, banja lisadzachite manyazi. Ife kwathu ndi ku Zomba, ku Mzuzu tinabwera pantchito. Madalitso anapeza Tawonga, mtsikana wakhalidwe, kwawo kupitirira Bolero. Tinafunika kukaonekera kwa makolo ake, amene anali oti akhale asebele anga. A Mhango, oyandikana nawo nyumba, anavomera kukhala thenga wathu, ndiye kuti wotitsogolera ndi kutilankhulira. Anandichenjeza katatu konse kuti kumeneko bambo wa mnyamata salowa m'mudzi thenga asanatsogole. Akalowa ndi mlandu, ndipo makolo ena amathetsa nazo nkhani yonse.

Ulendowo ndinaukonza mwezi wathunthu. Magalimoto anali anayi: maminibasi awiri, kagalimoto ka abusa, ndi lole yaing'ono ya katundu. M'kope ndinalemba yotsogola, yotsalira, poimira kupemphera, poimira kudzithandiza, ndi anthu osayenera kukhala mpando umodzi (alongo anga awiri sanalankhulanebe chiyambire nkhani ya poto wina wake).

Kutatsala masiku anayi kunagwa mvula yamkuntho. Pagulu lathu la pafoni zithunzi zinayamba kugwa ngati matalala. Wina anatumiza mlatho wokokoloka n'kunena kuti ndi wa kwa Tawonga, koma nditavala magalasi ndinaona kuti kumbuyo kwake kwaima ngamira. Ndinapita ku depoti kukafunsa madalaivala. Woyamba anati msewu uli bwino chomene. Wachiwiri anati kulibenso msewu. Wachitatu anati ndikwere kaye, tikaonera komweko.

Ine sindikonda kugamula chinthu ndisanachione. Lachinayi m'mawa, osauza munthu, ndinavala majombo ndi chijekete chonyezimira chimene timavala poimitsa magalimoto kutchalitchi. Ndinatenga kope lija ndi nsungwi imene ndinailemba mzere wa penti pamsinkhu wa ekizozi ya minibasi. Maganizo anga anali okafika pamtsinje wa pafupi ndi mudziwo, kuyeza madzi, n'kubwerera. M'mudzi ayi. Mwambo ndinkaukumbukira bwino.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Rumphi, matola mpaka ku Bolero, kenako njinga yamoto mpaka pamtsinje. Kamlatho kake kanali kotsika, madzi akungokanyambita. Ndinaviika nsungwi, madzi sanafike pamzere. Munthu wina akanabwerera pomwepo. Koma ndinaganiza kuti si chilungamo kuweruza mlatho utangoona mbali imodzi, choncho ndinawoloka. Tsidya linalo nakonso kunali bwino. Ndinalemba pagulu kuti ndamva kwa munthu wodalirika kuti msewu ulibe vuto (munthu wodalirikayo ndinali ine).

Uthenga utangopita ndinamva mkokomo. Pamene ndinaimapo panali dzuwa, koma kumapiri mvula inali ikugwa. Madzi anabwera ofiira, atanyamula zipika, nthochi ndi chitseko cha chimbudzi cha munthu. Atadutsa, theka la mlatho linali litapita nawo. Wanjinga uja, ali kutsidya, anandibayibitsa mwaulemu n'kutembenuka.

Anthu a m'mudzi anathamangira kumtsinje. Anayang'ana mlatho, kenako anayang'ana chijekete changa, nsungwi ndi kope. Bambo wina wachikulire anavula chipewa.

"Monire bwana. Koma a boma masiku ano mukugwira ntchito. Mlatho wangogwa kumene, inu mwafika kale."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakonze. Iwo anapitiriza kunena kuti dzina lawo ndi a Nyirenda, ndipo nkhawa yawo ndi yakuti Loweruka akuyembekezera alendo ochokera ku Mzuzu, obwerera mwana wawo Tawonga. Ndinatseka pakamwa paja. (Ndafufuza mumtima mwanga kangapo: sindinanenepo kuti ndine wa boma. Ndinangolemba m'kope.)

Anati bwana sangagone kumtsinje. Ananditengera kwawo, m'mudzi momwemo, n'kundikhazika pampando wa khushoni. Posakhalitsa kunatuluka mtsikana ndi beseni la madzi osamba m'manja. Anagwada, anadzutsa mutu, madzi onse anathera m'majombo anga. Anali Tawonga. Bambo ake anapepesa kuti mwanayu amachita manyazi ndi akuluakulu. Iwo atapotoloka, Tawonga ananong'ona:

"Adada, mukutani kuno?"

"Ndikuyeza madzi, mwanawe."

Anabwerera kukhitchini mapewa akugwedezeka. Mpaka lero sindidziwa ngati ankalira.

Lachisanu lonse ndinagwira ntchito ya boma. Anandionetsa dzenje lililonse la mumsewu wawo, ine n'kumaviikamo nsungwi. Mayi wina anabweretsa nkhani ya mjigo, wina ya mbuzi yosowa, ndinalemba zonse. Pa chakudya ndinapemphera monga ndimachitira, ndipo anthu anati sanaonepo bwana wa misewu wopemphera motalika choncho. Anandiphera nkhuku yachiwiri, yoyamba nditadya dzulo lake.

Madzulo ake a Nyirenda anandiuza za kukhosi. Anati anthu a kumwera sawadziwa bwino. Amva kuti bambo wa mnyamatayo ndi wofatsa kwambiri, ndipo anthu ofatsa kwambiri amakhala akubisa kanthu. Anafunsa ngati ndinamumvapo ku Mzuzu. Ndinayankha kuti ndimamudziwa pang'ono, amafuna zabwino, kungoti nthawi zina amapitirira pamene anayenera kulekezera. Anagwedeza mutu, n'kundipempha kuti mawa ndikhale mbali yawo, popeza Chichewa ndimachimva bwino, ndiziwauza zimene alendowo akunong'onezana.

Madalitso anali atandiimbira foni kakhumi, ine osayankha. Tawonga ndiye anamuuza zonse, ndipo analozera abale anga njira ina yozungulira kumtunda, imene m'kope langa munalibe.

Anafika Loweruka masana, magalimoto onse anayi ali mtundu umodzi wa matope. A Mhango anatsogola akuwerama ndi kuomba m'manja, abale anga ali pambuyo. Atakhala pamphasa anadzutsa maso, n'kundipeza kudzanja lamanja la a Nyirenda, ndili chinyezimire. Alongo anga awiri anagwirana manja, koyamba m'zaka zambiri. Malonje atatha, a Nyirenda anafunsa kuti nanga bambo wa mnyamata ali kuti. A Mhango anatsokomola.

"Yewo chomene, adada, ali pambali panupo, mwatisungira bwino. Tikuona ngati anenepako."

Ndinaimirira, ndinavula chijekete chija, ndinagwada m'matope n'kuulula zonse kuyambira ku depoti. Madalitso anali atazolika. Ndinakumbukira pempho la mayi ake ndipo ndinaona kuti ndaliponya mumtsinje. Akuluakulu a mudziwo ananyamuka, anakazimirira kuseri kwa nkhokwe. Tinadikira nthawi yaitali. Kunkamveka phokoso lina lake, ine n'kumayesa akukangana. Atabwerera, wina anali akupukutabe misozi ndi chipewa.

Chigamulo chinali chakuti ndipereke mbuzi ya mlandu, ndibweze nkhuku ziwiri zimene anadya bwana wa misewu, ndipo nditulukenso m'mudzi kuti ndilowe bwino. Ndinayenda mpaka pamtengo wa kumalire, n'kubwerera kumbuyo kwa a Mhango ndikuomba m'manja. A Nyirenda anandilandira ngati sanandionepo. Anandifunsa dzina, anandifunsa kwathu, kenako anafunsa mwachifundo kuti msewu ndaupeza bwanji.

Ukwati unachitika, ndipo pano ndili ndi mdzukulu. Koma mvula ikangoyamba foni imalira. Amakhala a Nyirenda, kufunsa kuti asebele, madandaulo athu aja afika pati. Kope ndikadali nalo, choncho ndimayankha zoona, kuti nkhaniyo ikadali m'manja mwanga.

Mwezi wamawa tikupitanso ndi magalimoto atatu kukaonetsa mwana. Madalitso wabisa chijekete chija ndipo walumbiritsa a Mhango kuti azindilondera. Ndavomera zonse. Nsungwi yatsopano ndangoidula chabe, penti sindinalembe.