Tsiku lomwe ndinagwadira akuluakulu a ragibi

Mawondo angawa, mawondo obereka ana asanu ndi awiri, anandichititsa manyazi ku Hamilton, m'dziko la Canada, mayo ine!

Ndinabwera kuno kudzalera mdzukulu wanga Tadala, poti mwana wanga Esinala ndi namwino. Koma mtima ndinausiya ku Blantyre, kwa mzime wanga Yohane, wosewera ragibi, mpira wonga papaya uja amuna amaulimbirana ngati nkhuku pa chiwala. Zaka zinayi osamuona, zinayi! Viza anamukaniza kawiri.

Tsiku lina mkamwini wanga, bambo a Tadala, amene ali m'komiti ya ragibi ya kuno, anati, "Amayi, Loweruka tikukavota. Ena akufuna mpikisano wathu uziitananso matimu a kutsidya kwa nyanja, ena akuti tizingosewera tokhatokha."

Kutsidya kwa nyanja! Si kwathu kumeneko? Ndinamuoneratu Yohane akutsika ndege, nsapato zaminga zili paphewa.

"Apongozi, ndipita nawo."

"Amayi, ndi msonkhano wa mamembala okha."

"Ndikangokhala phee." (Mulungu andikhululukire.)

Ndinakhaladi phee, mpaka mzungu wina wadazi anaimirira n'kumapukusa mutu. Apongozi anandimasulira kuti akuti akunjawo azidzatigonjetsa, anyamata athu adzagwa ulesi. Basitu ndinamanga chitenje pamwamba pa chijasi, ulendo kutsogolo. Kwathu munthu sapempha akuluakulu ali chilili. Ndinagwada, ndinaomba m'manja, ndinagona chammbali, kugubudukira uku, kugubudukira uko, nyimbo ili pakamwa: mwana wanga abwere, Yohane abwere-e!

Azungu balalabalala! Wina anakuwa kuti ndagwa khunyu. Wina anathamanga ndi ndowa ya madzi oundana, aja amathira osewera akavulala, n'kundikhuthulira. Ndinati ndidzuke ndiwauze kuti ndili bwinobwino, koma mawondo, atalawa simenti ya ku Canada, anakanitsitsa.

"Adzutseni!" azungu akuwakuwira apongozi. Apongozi angoti njo, manja kumbuyo, thukuta kamukamu. Mkamwini n'kugwira thupi la mpongozi wake, zinachitikapo kuti? Atangoyesa kutambasula dzanja ndinakuwa, "Musandikhudze, bambo a Tadala!" Azunguwo anati eee, ululu wakula. Posakhalitsa ambulasi, wiyu wiyu!

Kuchipatala amene anatsegula katani anali Esinala yemweyo, ali m'yunifolomu.

"Amayi! Mwatani?"

"Ndimapempha kuti mlongo wako abwere."

Anaseka, anaseka mwana uja, kenako anakhala pabedi n'kuyamba kulira. Tinalira tonse (madzi oundana aja adakali m'khutu).

Voti anaiimika mpaka chaka chamawa chifukwa cha ine. Apongozi, maso ali pansi, anandiuza kuti matimu ankanenedwawo ndi a ku Mangalande, a Malawi sanawatchule n'komwe. Ine ndinati zilibe kanthu, chitseko chikatseguka sichifunsa wolowa akuchokera kuti.

Ndiye m'mawa uliwonse, Tadala akagona, ndimagwada pambali pa sofa n'kudzuka, kugwada n'kudzuka, kugwada n'kudzuka. Chaka chamawa ndikadzuka ndekha.