Sabata ya Maliro Anga ku Kambombo

Lolemba

Loweruka kukubwera bwana wa zamaphunziro kuchokera ku boma. Kalata yanga yopempha kusamutsidwa yagona pa tebulo lake chaka chathunthu. Mkazi wanga ali ku boma komweko ku Chama, pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri, ine ndili kuno ndi njinga yopanda mabuleki. Bwanayu ayenera kundiona, andikumbukire!

Nzeru ndaipeza mu filimu ya pafoni. Ofufuza zakale alowa m'phanga ku Iguputo, atsegula bokosi, mtembo wa mfumu wokulungidwa m'nsalu udzuka, aliyense phazi thandize. Ana anga a giredi seveni achita sewero lomweli.

Zofunika:
ofufuza anayi
tochi
bokosi
mtembo umodzi womvera malangizo

Lachiwiri

Ofuna kukhala ofufuza alipo makumi atatu. Mtembo palibe. Amene ndinamusankha dzulo wabwera ndi amayi ake. "A ticha, mwana wamoyo mumukulunge nsalu ya maliro? Yayi! Yambani ndimwe."

Kwatsala masiku anayi.

Lachitatu

Chabwino, mtembo ndine.

A Goma, kalipentala wathu, akundiyeza ndi chingwe kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndikuwauza kuti ndi za sewero chabe. Akundiyang'ana nthawi yaitali. "Limbani mtima, a ticha."

Nsalu: mashiti awiri oyera, mphatso ya pa ukwati wathu. Ndawang'amba timizeremizere. Mkazi wanga asamve!

Lachinayi

Kuyeserera, masana, m'kalasi. Ana andikulunga bwino kwambiri, pakamwa pomwe. Andigoneka m'bokosi, atseka. Belu la phala lalira. Ofufuza onse anayi athamangira phala!

Manja sakusuntha. Kutentha kwa m'chigwa muno, ine thukuta kamukamu. Ndikupemphera.

Atsegula ndi amayi ena ophika phala, akufuna benchi. Kukuwa kwake! Pamene ana akubwera kudzandimasula, amayiwo ali kale kutsidya kwa dambo, manja kumutu.

Mbiri ya imfa yanga yapita pa njinga. Ya kuuka kwanga ikuyenda wapansi.

Lachisanu

Pakhomo panga m'mawa uno:
nkhuni mulu
ufa malichero asanu
kwaya ya amayi
anthu amene sindinawaonepo, akulira kuposa onse

Ndatuluka kukawapatsa moni. Theka lathawira m'chimanga.

Mkazi wanga wafika pa njinga yamoto, maso ali psuu. Msewu wonsewo, ndi pathupi! Ndachita manyazi, ndachitanso mantha. Wandikumbatira, walira, kenako waona mashiti. Sakundilankhula.

Choipitsitsa: anyamata anakumba kale manda m'bandakucha. Akuluakulu a komiti ya makolo akuti dzenje silikwiriridwa lopanda kanthu, lingaitane munthu. Atenga chipatso cha mvunguti, achikulunga m'mashiti aja, achiika m'bokosi langa, akakwirira. Ndapempha kuti adikire mpaka mawa madzulo. Anyamula bokosi, ulendo wa kumanda.

Loweruka

Bwana wafika. Bokosi palibe, nsalu palibe, mtembo waletsedwa. Ofufuza anayi akuzungulira bwalo ndi tochi dzuwa lili pamutu, osapeza kanthu.

A hedi afotokoza zonse. Bwana waseka mpaka misozi. Ndayamba kuyembekezera zabwino.

Kenako waimirira. "Chiyambireni ntchito sindinaone mphunzitsi woliridwa chonchi. Manje munthu wokondedwa chotere tingamuchotse bwanji pakati pa anthu ake?"

Nthungululu bwalo lonse! Nanenso ndaomba m'manja. Ndikanatani?

Lamlungu

Mkazi wanga wakwera njinga yamoto kubwerera ku boma. Mawu ake oyamba chifikireni: "Mwana akabadwa mudzamva. Tsalani ndi anthu anu."

Kutchalitchi andipatsa benchi yonse ndekha.

Madzulo ndapita kukaona manda anga. Andisankhira malo abwino ndithu, pamthunzi, pafupi ndi njira. Zikuoneka kuti kuno ndikhalitsa.