Zitini zitatu za Esinta

Lolemba, 17 Okutobala 1994

Zitini za mwana wanga Esinta zili bwino zonse zitatu. Anadzala yekha Loweruka, nyemba zisanuzisanu. Wabwerera kusukulu poti tsopano ndi yaulere, ndipo aphunzitsi a Sitandade 3 ati Lolemba likudzali aliyense akaonetse zimene mbewu imafuna kuti imere ndi kukula.

Choyamba: madzi ndi dzuwa. Chili pakhonde.
Chachiwiri: dzuwa lokha, madzi ayi. Pakhonde pomwepo.
Chachitatu: madzi, koma mumdima. Ndachivundikira ndi mphika kuseri kwa chitseko.

"Ababa, chachiwiricho musachimvere chisoni," anatero ponyamuka.

Akuti kwa amake mbuzi sizingazisiye. Mbuzi ndi kuno zilipo, koma sindinanene. Chichokereni ine kuchikamwini kuja ukwati utatha, mwanayu amabwera kuno kwa Msakambewa mwa apo ndi apo, atsibweni ake akalola. Tsopano ali ndi chifukwa. Loweruka akubwera kudzatenga zitini zake.

Phiri la kwawo, mbali ya Ntchisi, lero likuoneka mwa chizimezime. Utsi wa lupsa.

Lachiwiri, 18 Okutobala

Ndabwera kothirira nazale ya fodya kudambo, ndapeza chachiwiri chanyowa! Ndi alongo anga a Nabanda.

"Munthu wa ndevu kuumitsa mbewu dala, madzi ali mumtsuko? Kumene munakakwatira kuja anakuphunzitsani zimenezi?"

Ndafotokoza pang'onopang'ono kuti chimodzi chiyenera kumanidwa madzi, kuti ana aone kusiyana kwake. Ati sukulu yaulere n'chimodzimodzi nyama yaulere, uyambe wanunkhiza.

Ndakhuthula, ndaika dothi louma ndi nyemba zina zisanu. Ndachikweza padenga la nkhokwe, pomwe alongo sangafike. M'dothi ndatayalo munali timaenje ta zala zake. Esinta sindidzamuuza. Kapena ndidzamuuza.

Lachitatu, 19 Okutobala

Choyamba chamera! Zinayi mwa zisanu, zaweramitsa makosi ngati ana olandira alendo.

Masana nkhuku yadya ziwiri. Zatsala ziwiri. Ndatchinga ndi minga, ndazunguliza phulusa kuti nyerere zisakwere.

Chachitatu ndimachithirira mofulumira kuti kuwala kusalowe. Ndimagwada, kukweza mphika pang'ono, kuthira, kutseka. Lero ndamva ndi chala kuti dothi lang'ambika. Ndinakondwa, ndiye ndinanena chapansipansi kuti, "Limbikirani, mwini wake akubwera Loweruka." Kucheuka, alamu anga a Mbewe ali pakhomo, adzabwereke nkhwangwa.

"Pepani alamu, sindinaone kanthu."

Apita osatenga nkhwangwa. Munthu waulemu.

Lachinayi, 20 Okutobala

Kudambo lero anthu akundipatsa moni ndi manja awiri. Pachitsime andisiyira malo kuti ndiyambe kutunga ndine. Sizinachitikepo.

Kenaka bambo wina wa nazale yoyandikana ndi yanga wanditengera pambali. Akazi ake anapita kwawo ku Bowe chaka chatha, sanabwerere.

"A Banda, tithandizaneni. Nkhuku ndili nayo, yakuda. Kapena zimafuna yoyera?"

Apa m'pamene ndamva. Mudzi wonse ukuti ndikukoka amake Esinta ndi mankhwala. Umboni wawo:
chitini chozunguliridwa phulusa ndi minga,
china padenga la nkhokwe,
china pansi pa mphika, choyankhula nacho chogwada.

Ndikaziika pamodzi chonchi, inenso ndikuona.

Ndati ndi sayansi ya kusukulu. Ati, "Eya, masiku a matipate ano chilichonse chili ndi dzina latsopano."

Ine ndinalekezera Sitandade 6. Sayansi yathu inali ya pabolodi, tinkangoloweza: madzi, mpweya, kuwala. Sindinkadziwa kuti ukaichita ndi manja imaoneka chonchi.

Amake Esinta sindikuwakoka. Kuwaganiza kokha ndiye ndimawaganiza. Ankaseka ataphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Lachisanu, 21 Okutobala

Chizimalupsa! Yagwa masana ndili kudambo. Ndathamanga, koma chachiwiri padenga paja chadzaza madzi mpaka kusefukira. Chomanidwa madzi chamwa kawiri sabata imodzi.

Kufika pakhomo, ndapeza alongo aitana mkulu wa mpingo. Ndawalandira, ndawapatsa mpando. Ati tione chimene chili pansi pa mphika.

Avundukula okha. Zonse zisanu zamera! Zazitali kuposa chala, zoonda, zoyera mbuu, timitu tachikasu. Ndendende mmene Esinta ananenera, kuti zamumdima zidzaoneka ngati zodwala. Chatheka bwino kuposa zonse! Alongo akuwa n'kuthawira panja.

Ndati ndi nyemba chabe.

"A Banda, ndinu mlimi. Nyemba yoyera chonchi munaionapo m'munda mwa yani?"

Sindinaionepo. Achipana ndi timitengo tiwiri, akachiponya m'chimbudzi, kenaka pemphero. Apempherera kuti ndilandire zimene zinachitika pa ukwati wanga. Pamenepo ndayankha ameni ndi mtima wonse.

Mphika alongo auswa. Unali wawo.

Loweruka, 22 Okutobala

Ndasesa pabwalo, ndakazinga mtedza. Ndakonza mawu omuuza: chachitatu chinatheka, ndinachiona ndi maso anga, akawauze aphunzitsi choncho.

Ndakhala pachulu poonekera njira ya kuphiri. Wadutsa mayi wosenza nkhuni. Ng'ombe. Mtsikana wa diresi yobiriwira, koma wamtali.

Dzuwa litapendeka wafika Che Saidi, wogulitsa usipa panjinga, amene amazungulira mpaka kwawo kwa Esinta. Nkhani inakwera phiri Lachinayi lomwe. Atsibweni ake ati mwana sapita kunyumba ya zitini. Esinta akuti analira, n'kumanena kuti ndi za kusukulu, koma ati mwana angadziwe chiyani.

Che Saidi anali atakwera kale njinga pamene anati palinso mawu a amake.

"Akuti, ngati akundifuna, njira akuidziwa. Nyemba zalakwanji?"

Ndafunsa ngati ananena mokwiya kapena moseka. Ati iwo amayang'ana usipa.

Mtedza adya alamu.

Lamulungu, 23 Okutobala

Kutchalitchi benchi yonse yanga ndekha. Mpweya wokwanira.

Chatsala choyamba, nyemba ziwiri, masamba atambasuka, obiriwira bwino. Chitini chimodzi sichionetsa kanthu, ndikudziwa. Popanda zinzake zofanizira ndi nyemba wamba, zonga za m'munda mwa aliyense. Komabe anadzala ndi Esinta, ndipo mawa anzake akalowa m'kalasi atanyamula zawo.

Ndapita kwa Che Saidi kuti andinyamulire mawa m'mawa. Ayang'ana chitini, ayang'ana ine.

"Usipa ndinyamula, uthenga ndinyamula. Izi ayi, a Banda. Njingayi ndi yatsopano."

Ndapempha a Mbewe kuti mawa andithirire nazale. Avomera ndisanamalize kuyankhula. Masiku ano palibe akundikaniza kanthu, kupatula kunyamula chitini.

Basi, ndinyamula ndekha. Ndikwera phiri m'mamawa, ndikamudikira pakhomo pa sukulu. Njira yake ndi imodzi, yodutsa pabwalo pa atsibweni ake ndi kuseri kwa khitchini ya amake. Anthu adzatuluka m'nyumba kudzaona mkamwini wakale akubwera ndi chitini chake m'manja, masana poyera. Anene zimene anene.

Malaya ndachapa, ali pachingwe.